Tsegulani makabati, ana awerenge

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi aphunzitsi akuluakulu a sukulu zapulayimale pa nkhani ya ana a Sitandade 5 mpaka 8 amene timawanena kuti ndi aulesi pa kuwerenga. Ndinagwira choko zaka zambiri ndisanapume ntchito, ndipo ndinaona kuti ambiri mwa ana amenewa chimene amathawa ndi manyazi amene buku limawabweretsera.

Ndondomeko yophunzitsa ana kuwerenga ya National Reading Programme, imene boma linayambitsa mu 2016, imalekezera ku Sitandade 4. Mwana akangolowa Sitandade 5, maphunziro onse kupatula Chichewa amakhala m'Chingerezi, ndipo kuyambira pamenepo buku lililonse limene angagwire limamukumbutsa mayeso a MANEB amene akumudikira ku Sitandade 8. Mphunzitsi akamuimiritsa kuti awerenge mokweza, iye n'kudodoma pa liwu limodzi, anzake onse amafa nacho chiseko, ndipo mawa lake mwana uja amakakhala kumbuyo kwenikweni, kufupi ndi chitseko.

Pa sukulu ina imene ndinaphunzitsapo tinali ndi makatoni a mabuku a nthano amene anthu akufuna kwabwino anatipatsa. Anakhala m'kabati ya mu ofesi zaka zingapo, kiyi ali m'thumba la mphunzitsi wamkulu, poopa kuti ana akawang'amba kapena kuwataya. Tsiku limene tinatsegula kabatiyo tinapeza kuti chiswe chatiyambirira, katoni yapansi itasanduka dothi lokhalokha. Otsalawo tinayambira kalabu yowerenga, Lachitatu lililonse tikangoweruka, pansi pa mtengo wa mango. Sitinkachedwetsa ana, chifukwa atsikana ankafunika kukatunga madzi ndipo onse njala inali itawagwira.

Malamulo athu anali ochepa. Mwana ankasankha yekha buku, ndipo likamutopetsa ankalibweza n'kutenga lina popanda womufunsa chifukwa. Panalibe malikisi, panalibenso wokakamizidwa kuwerenga mokweza. Chimene aphunzitsi anzanga ena sanachikonde n'chakuti tinkalola ana kufotokozerana m'Chichewa nkhani imene awerenga m'Chingerezi. Iwo ankati tikuwononga chizungu cha ana, koma ine ndinkati mwana amene wafotokoza bwino nkhani m'chinenero chake ndiye kuti waimvetsa. Mnyamata wina amene ankabwereza Sitandade 6 anatha masabata atatu akungoyang'ana zithunzi za mathirakitala m'buku limodzi lomwelo. Sabata yachinayi anabwera chala chili pa liwu lina pansi pa chithunzi, nati: "Aphunzitsi, apa akuti chiyani?" Limenelo linali funso lake loyamba kundifunsa chaka chonsecho.

Amene akukayika akumbukire William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Atalekeza sukulu chifukwa chosowa fizi m'nthawi ya njala ya 2002, ankabwereka mabuku ku laibulale yaing'ono ya pa sukulu yapulayimale yakwawo. Chingerezi chinkamuvuta, choncho ankatsatira zojambula za m'bukumo mpaka anapanga makina opukusidwa ndi mphepo amene anayatsa magetsi kunyumba kwawo. Laibulale ija ikanakhala yokiya, dzina lake sitikanalimva.

N'zoona kuti mabuku ena adzasowa ndipo ena adzabwera atanyowa ndi mvula, koma chiswe chinatiwonongera ambiri kuposa amene ana anataya m'zaka zonse za kalabuyo. Pempho langa kwa alangizi a maphunziro a m'mazoni ndi lakuti akafika pa sukulu asamangowerenga kuchuluka kwa mabuku a m'kabati, koma azipempha kaundula wobwereketsa kuti aone maina a ana amene anatenga buku teremu imeneyo. A National Library Service nawonso atithandize ndi mabuku a nthano a m'Chichewa oyenera ana a zaka 10 mpaka 14, chifukwa amenewa ndi amene ankatisowa kwambiri m'makatoni aja.

Mphunzitsi wopuma ntchito,
Dowa