Tifufuze khalidwe la ana athu tisanawatche osamva

Akonzi,

Ndine mphunzitsi kuno ku Lilongwe, ndipo zimandiwawa mumtima tikamangoti "ndi wosamva" kwa mtsikana amene akudzicheka pamkono ndi lezala, lero n'kumukonda kwambiri mnzake, mawa n'kumuda kotheratu. Akatswiri a zamaganizo anapeza kuti mavuto ozika mizu m'khalidwe la munthu (pa Chingerezi, personality disorders) nthawi zambiri amayamba kuonekera pausinkhu wachinyamata, makamaka mwa ana amene anazunzidwa kapena kunyalanyazidwa. Buku la madokotala la DSM-5, lomwe linatuluka mu 2013, limalola kutchula vutoli mwa mwana wosakwana zaka 18 ngati zizindikiro zakhalapo kwa chaka chathunthu.

Kafukufuku wambiri wotere anachitikira kumaiko akunja. Ndikupempha akatswiri a ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS kuti afufuzenso pakati pa ana athu, ndipo makolo azipita nawo ku chipatala cha Bwaila kapena ku chipatala cha zamaganizo cha St John of God m'malo mothamangira chikwapu.

Mphunzitsi wokhudzidwa,
Kawale, Lilongwe