Lipoti la msonkhano: kutseka kabowo ka mumtima popewa sitiroko yachiwiri

Anzanga a m'gulu lathu losamalira odwala sitiroko, ndabwerako kumene munandituma. Zokambirana zinalipo zambiri, koma imene ndikufuna tiikhalire pansi ndi nkhani ya PFO, kabowo ka pakhoma logawa zipinda ziwiri zam'mwamba za mtima. Kabowoka kamathandiza mwana ali m'mimba, ndipo akabadwa kamayenera kutsekeka, koma mwa munthu mmodzi pa anayi alionse sikatsekeratu. Ambiri amakalamba nako osadziwa n'komwe. Tsoka limagwa magazi oundana ochokera m'mitsempha ya m'miyendo akadutsira pamenepo, kulambalala mapapo, n'kukatseka mtsempha wa muubongo.

Anationetsa pakanema momwe amakatsekera. Chifuwa saching'amba ayi. Amalowetsa kapaipi mumtsempha wa mphechepeche mpaka kukafika kumtima, kenako n'kutambasula tizimbale tiwiri ta waya, kena mbali ino ya khoma, kena mbali inayo, n'kupana kabowoko pakati. Pakapita miyezi, mnofu umamera n'kukuta kachipangizo konse.

Madokotala anakayikira njirayi kwa zaka zambiri, poti kafukufuku wa CLOSURE I wa 2012 sanaonetse phindu. Zinthu zinatembenuka mu 2017 ndi zotsatira za kafukufuku wina wa CLOSE, REDUCE ndi RESPECT. Mu CLOSE, mwa anthu 238 otsekedwa kabowo panalibe amene anadwalanso sitiroko, pomwe mwa 235 omwe ankangomwa mankhwala, 14 anadwalanso.

Koma tisathamange, anzanga, ndipo apa m'pamene mtima wanga uli. Kupeza kabowo sikuti tapeza chimene chinadwalitsa munthu. Amene anapindula m'kafukufukuyu anali osapitirira zaka 60, ndipo zifukwa zina zonse za sitiroko zinali zitafufuzidwa n'kusowa. Ngati wodwala mtima wake umagunda mosokonekera, vuto lija la atrial fibrillation, kumutseka kabowo sikungamuteteze. Iye afunika mankhwala oletsa magazi kuundana. Komanso kachipangizoka pakokha kamatha kuyambitsa vuto la kugunda mosokonekerali: mu REDUCE linagwira anthu 6.6 pa 100 alionse otsekedwa, ngakhale kwa ambiri linali la kanthawi. Ndipo asipirini wodwala amamwabe pambuyo pake.

Pempho langa ndi lakuti wachinyamata aliyense wodwala sitiroko yosadziwika gwero tizimutumiza akaunikidwe kagundidwe ka mtima, kenako akajambulidwe mtima ndi makina a eko ya tithovu, ija amabaya madzi amchere okhutchumula n'kuona ngati tithovu tawolokera mbali ya kumanzere ya mtima kudzera pakabowo. Tikakumananso tigwirizane yemwe alembe ndondomeko yotumizira odwalawa.