Tikamatchula Martin Luther King tisaiwale otola zinyalala

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga munyuzi yanu ndilankhulepo za Martin Luther King, m'busa wa ku America uja amene ankamenyera ufulu wa anthu akuda, chifukwa Januwale aliyense mafoni athu amadzaza ndi chithunzi chake, pa WhatsApp, pa Facebook, andale athu ena nawonso amaika ndi timawu ta loto lake tija kenako basi zathera pompo mpaka chaka chamawa. Ine zimandiwawa ndithu, munthu uja tamusandutsa chokongoletsera pa sitetasi chonsecho ambiri mwa ife sitidziwa n'komwe kuti tsiku lomwe anamuwombera anali kuti ndipo amakatani kumeneko.

Anali ku Memphis, pa 4 Epulo 1968, ali ndi zaka 39 zokha, ndipo chinamupititsa kumeneko ndi sitalaka ya anthu otola zinyalala. Eetu, zinyalala. Pa 1 Febuluwale chaka chomwecho amuna awiri akuda otola zinyalala, Echol Cole ndi Robert Walker, anabisala mvula kumbuyo kwa thiraki ya zinyalala, makina opanikiza zinyalala aja anangoyamba okha n'kuwaphwanya onse awiri kufera pomwepo. Anzawo pafupifupi 1,300 anati ayi takwana, ananyanyala ntchito. Anthu amenewa ankasenza zidebe zodontha pamutu, madzi onunkha kumatsikira m'khosi, malipiro ake ochititsa manyazi, mvula ikagwa ena ankabwezedwa kunyumba opanda ndalama pamene akapitawo achizungu akulandira yawo yonse. Ankaguba mumsewu atanyamula zikwangwani zonena kuti ine ndine munthu. Ndiye tangoganizani, m'busa woti analandira kale mphoto ya Nobel mu 1964, woti ankalowa ku White House kukakambirana ndi pulezidenti, anasiya zonse n'kupita kukaima ndi anthu oti ena akakumana nawo amatseka mphuno. Anamuphera pakhonde la Lorraine Motel. Mkazi wake Coretta patangopita masiku anayi anabwera kudzatsogolera anthuwo kuguba, ndipo pa 16 Epulo akuluakulu a mzindawo anagonja, anavomera yuniyoni yawo n'kukweza malipiro.

Sindikuchepetsa zina zija ayi. Za mabasi a ku Montgomery ndi nkhani yaikulu, Rosa Parks atamangidwa pa 1 Disembala 1955 chifukwa chokana kusiyira mzungu mpando, anthu akuda anayenda wapansi masiku 381 osakwera basi, amayi ogwira ntchito m'nyumba za azungu kumalawirira ndi mdima, King ali kamnyamata ka zaka 26, nyumba yake anaiponyera bomba koma iye anauza anthu okwiya kuti bwezani zida kunyumba. Ife a mu Lusaka amene timadziwa kuti kuchoka ku Chawama kapena ku Kanyama wapansi mpaka mutauni kumatanthauza chiyani, tiyenera kumvetsa kuti anthu aja analimba mtima bwanji. Kenako ku Washington pa 28 Ogasiti 1963 anthu pafupifupi 250,000 anasonkhana n'kumumva akunena za loto lake loti tsankho lidzatha, kenako lamulo lothetsa tsankho la 1964, lamulo la mavoti la 1965 pambuyo poti anthu amenyedwa koopsa pa mlatho ku Selma. Popanda lamulo la mavoti limenelo sindikhulupirira kuti Barack Obama akanasankhidwa kukhala pulezidenti mu 2008. Anyamata ake a King, a Andrew Young anadzakhala meya wa Atlanta, John Lewis anakhala ku nyumba ya malamulo zaka zoposa 30. Zonsezi n'zoona.

Koma King yemwe amamukondwerera lero ndi holide ku America, Lolemba lachitatu la Januwale kuyambira 1986, ndi King wofewetsedwa. Ali moyo azungu ambiri sankamufuna, a FBI ankamvetsera mafoni ake, mu 1967 atadzudzula nkhondo ya ku Vietnam ngakhale anzake ena anamuthawa. Chaka chake chomaliza nkhani yake yaikulu inali umphawi, ankakonza zosonkhanitsa amphawi onse, akuda ndi azungu omwe, kuti akamange misasa ku Washington mpaka boma limve. Mbali imeneyi sindimaiona pa masitetasi.

Ndipo nkhaniyi si yachilendo kwathu kuno. A Kenneth Kaunda anakumana ndi King ku Atlanta mu 1960, tisanalandire ufulu. M'ma 1950 makolo athu muno mu Lusaka, pansi pa a Harry Mwaanga Nkumbula, ananyanyala mabutchala chifukwa munthu wakuda sankaloledwa kulowa pakhomo, ankagulira pa kawindo kam'mbali n'kupatsidwa nyama yomwe mwini shopu wafuna, yokulungidwa kale osaiona. A KK anasiya kudya nyama chifukwa cha chipongwe chimenechi. Mayi Julia Chikamoneka anavula pamaso pa nduna ya ku Britain mu 1960 kuti ione mkwiyo wa amayi. Ndiye palibe angatiuze kuti zolimbana ndi chipongwe popanda mfuti tinaonera ku America, ayi tinali limodzi pa nkhondo imodzimodzi, King mwiniwake anali ku Ghana mu 1957 kukaona mbendera ya atsamunda ikutsika.

Manje kawindo kaja tinakatseka kalekale, koma ndifunseko, amene amatitolera zinyalala timamuona bwanji? Kwathu kuno kukomboni kumabwera anyamata m'mamawa ndi wilibala, ena ndi kathiraki kotha matayala, amanyamula masaka athu ndi manja osavala magulovu, mapampasi a ana, mabotolo osweka, nsima yovunda, kuphazi kuli patapata. Mmodzi ndinamuona chala atachimanga ndi pulasitiki ya buledi magazi akudonthabe koma akupitiriza ntchito, nditamufunsa anati kampani yomwe imawatuma sinawalipire miyezi ingapo, ukadandaula akuti pita ena ali pageti akufuna ntchito. Amayi ena pamsewu pathu pomwe amamukalipira ngati mwana akagwetsa pepala, madzi akumwa akapempha amamupatsira m'chitini chakale. Kodi kumeneko si kugulitsira pa kawindo? Kusiyana kwake n'koti pano tikuchitirana tokhatokha, palibe mzungu womuloza chala.

Kolera itavuta kumapeto kwa 2023 mpaka 2024, Heroes Stadium kusanduka chipatala, masukulu kuchedwa kutsegula, tonse tinkakuwa za ukhondo. Amene analowa m'ngalande kukavuula zonyansa ndi anthu omwewa, amene amasesa ku Soweto Market usiku ndi kam'bandakucha chitenje chili pamphuno ndi amayi omwewa, koma kolera itapita tinawaiwala, sindinamvepo wandale akuima pa msonkhano kunena za magambuti awo kapena za malipiro awo.

Abusa athu, King anali m'busa wa Baptist ngati ena mwa inu, ulaliki wake unkatuluka m'tchalitchi n'kukafika pamalo antchito. Inu bwanji? Mumpingo mwanu muli mabwana a makampani amenewa, muli makhansala, muli ndi osesawo akhala kumbuyo, nenani nkhaniyi pa gome onse akumva. Aziphunzitsi, mukamaphunzitsa ana za loto lija muziwauzanso za Memphis ndi za mabutchala a mu Lusaka. A mayuniyoni, anthu amenewa ambiri ndi aganyu opanda kalata ya ntchito, muwafikire komwe ali.

Ndipo inu a Mkonzi pempho langa ndi ili, Januwale akubwerayu musangosindikiza chithunzi cha King ndi mawu awiri pansi pake, tumizani mtolankhani wanu ku Chunga kotayira zinyalala, akakhale tsiku lonse ndi anthu ogwira ntchito kumeneko, awafunse amalandira zingati, amalandira liti, akavulala amawalipirira ndani kuchipatala, ndipo zimene akayankhe muziike patsamba loyamba.

Wowerenga wanu,
Chawama, Lusaka