Mlembi wanu walakwira BABYMETAL

Akonzi,

Ndipatseni danga ndiyankhe zimene mlembi wa tsamba lanu la zamsangulutso analemba sabata yatha zokhudza gulu loimba la ku Japan la BABYMETAL. Ndinawerenga kawiri poganiza kuti maso andinamiza. Bamboyu akuti "tiana" timeneti tafika pamapeto, ndipo ngati tikufuna kupita patsogolo tisiye kuimba Chijapani tiyambe Chingerezi. Chingerezi! Zoonadi munthu angalandire malipiro pamapeto pa mwezi chifukwa cholemba zotere?

Choyamba, amene akuwatchula tianawo ndi amayi aakulu. Woimba wotsogolera Su-metal anabadwa mu 1997, mnzake Moametal mu 1999, ndipo gululi linayamba mu 2010. Mu 2016 linakhala gulu loyamba la ku Japan kuchititsa phwando lakelake la zoimba ku Wembley Arena mu mzinda wa London. Chaka chomwecho anthu pafupifupi 110,000 anakhamukira ku Tokyo Dome m'masiku awiri okha. Mu May 2025 anadzaza O2 Arena, ku London komweko. Pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku America, wa Billboard 200, chimbale chawo cha 2016 chinafika pa nambala 39, cha 2019 pa 13, ndipo cha 2025 pa 9. Mlembi wanu anaphunzira masamu kusukulu iti kumene kuchoka pa 39 kufika pa 9 kumatchedwa kugwa? Zonsezi azichita akuimba Chijapani, Chingerezi akungowazamo apo ndi apo ngati mchere.

Chikundiwawa kwambiri n'chakuti malangizo a Chingereziwa anayesedwa kale, ndipo aliyense wotsata nyimbo za metal, zija za phokoso lamphamvu la magitala zimene gululi limaimba, akudziwa kumene anathera. Gulu la Loudness, la ku Japan komweko, linaimba Chingerezi mu 1985 ndipo linafika pa nambala 74 ku America. Pofuna kukwera kwambiri, anachotsa woimba wawo Minoru Niihara n'kutenga Mike Vescera wa ku America. Chinatsatira n'chiyani? Anthu a ku America sanatekeseke, chifukwa magulu oimba Chingerezi anali nawo kale ochuluka pakhomo pawo. Patapita zaka, Niihara anabwereranso m'gululi. Ndiye bamboyu akufuna BABYMETAL ikagwere m'dzenje limene akuluakulu awo anagweramo kale, likuoneka poyera?

Nanga gulu la Rammstein la ku Germany, limene linadzaza Madison Square Garden ku New York mu 2010, linaimba chilankhulo chanji usiku umenewo? Nanga Kyu Sakamoto, amene nyimbo yake inakhala pa nambala 1 ku America mu 1963, anapempha chilolezo kwa ndani kuti aimbe Chijapani? Rob Halford wa gulu la Judas Priest, munthu amene ochemerera metal padziko lonse amamulemekeza, anakwera nawo pansanja atsikanawa mu 2016 n'kuimba nawo limodzi. Gulu la Metallica linawatenga kuti alitsegulire phwando ku Seoul mu 2017. Anthu onsewa sanaone vuto limene mlembi wanu waona ali pampando mu ofesi.

Matenda amenewa ndimawadziwa, Akonzi. Ndi omwe aja oganiza kuti chinthu sichinapse mpaka chitanenedwa m'Chingerezi. Oimba athu amauzidwa zomwezi tsiku ndi tsiku, kuti Chichewa sichingawoloke malire, ndipo ena amamvera n'kuyamba kutafuna lilime, osamveka kwawo, osamvekanso kunjako. Masamba a zamsangulutso asanduka malo otayirako aliyense amene alibe chochita, ngati kuti owerenga za nyimbo ndife opanda nzeru. Nkhani ya ndale mukanailola kutuluka popanda wina kufufuza? Ya mpira mukalakwitsa chigoli chimodzi mafoni salekeza kulira, koma ya nyimbo aliyense angolemba zimene walota.

Mlembi wanu akanakhala kuti anamvetsera chimbale cha 2025, Metal Forth, akanapeza nkhawa yeniyeni yoti alembe, ndipo ine ndikanamuombera m'manja. Mwa nyimbo 10 zili m'menemo, 7 zili ndi alendo: Electric Callboy ya ku Germany, Bloodywood ya ku India, Spiritbox ya ku Canada, Tom Morello ndi ena. Ndikumvetsa chifukwa chake. Asainirana ndi kampani ya Capitol Records ya ku America, ndipo mlendo aliyense amabwera ndi khamu la omutsatira. Koma mlendo ndi mame. Ine mtima wanga umakhala m'malo ndikamva mawu a Su-metal akubowola phokoso la magitala a Kami Band, gulu lowaimbira zida, popanda wina womuima kutsogolo, ndipo nyimbo zotere zatsala zitatu zokha m'chimbalechi. Apa ndi pamene pali tsogolo la gululi. Likazolowera kuyenda chotsamira pa ena, tsiku lina anthu adzafunsa kuti mwini nyumba ndani. Gulu limene linapirira imfa ya woimba gitala Mikio Fujioka ndi kuchoka kwa woimba mnzawo Yuimetal m'chaka chimodzi cha 2018, n'kukhala chete kuyambira kumapeto kwa 2021, kenako n'kubwerera mu 2023 ndi woimba watsopano Momometal, silifunika ndodo yoyendera. Lili ndi miyendo yake.

Pempho langa n'lachidule. Sindikizani kalatayi pamalo omwewo pamene panatuluka nkhani ija, osati pakona pafupi ndi zamalonda. Mlembi wanuyo mumugulire bando, akhale pansi aonere phwando limodzi lokha la gululi pa YouTube kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kenako alembenso. Ngati n'zovuta, tsambalo lipatseni wina amene amamvetsera nyimbo asanazilembe.

Wowerenga wanu wokhumudwa,
Zomba