Jakisoni wolera sateteza ku HIV

Akonzi,

Ndiloleni ndikumbutse amayi ndi abambo kuti jakisoni wa Depo, mapiritsi, lupu ndi Jadelle (cholerera choika pamkono) zimateteza ku mimba kokha, osati ku HIV. Njira yolerera yotchinga zonse ziwiri ndi kondomu basi, ya abambo kapena ya amayi, choncho amene muli pa jakisoni musaisiye.

Kondomu ikaphulika, nthawi zambiri olakwa ndife eni ake. Onani tsiku lothera ntchito, tsinani kansonga povala kuti mpweya utuluke, ndipo musapake Vaseline kapena mafuta ophikira chifukwa amafoola labala. Kuvala awiri n'kudzinamiza, amakhulana n'kung'ambika. Ikaphulika, thamangirani kuchipatala asanathe maola 72 mukalandire PEP, mankhwala othandiza kupewa HIV amene amamwedwa masiku 28, komanso mapiritsi opewera mimba yangozi.

Kwa mayi amene ali pa ma ARV, kulera kumathandiza kuti adikire kachilombo kachepe m'magazi asanaime, mwana asatengere. Koma auzeni anamwino mankhwala onse amene mukumwa. Efavirenz, mtundu wina wa ma ARV, ndi rifampicin wa TB amachepetsa mphamvu ya Jadelle ndi Implanon, mayi n'kuima ali ndi chapamkono. Dolutegravir, amene ali mu ma ARV otchedwa TLD, alibe vutoli.

Wowerenga,
Zomba