Lipoti la Msonkhano wa Ntchito Zamanja za Agogo pa Nyengo ya Mphukira

Wapampando, mamembala a komiti ndi anzathu nonse osamalira agogo,

Munatituma awiri ku msonkhano wa anthu ogwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba, kuti tikamve za ntchito zamanja zoyenera nyengo ino imene chisanu chatha ndipo mitengo yayamba kuphuka. Tapita, tabwerako bwino, ndipo tikuthokoza potikhulupirira. Kunali anamwino, akatswiri ophunzitsa odwala kugwiritsanso ntchito manja, ndi ongodzipereka ngati ambiri mwa ife. Zokambidwa zinali zambiri, koma pano talemba zimene tikuona kuti tingayambe nazo.

Mfundo imene inamveka kuposa zonse ndi yakuti ntchitoyo ikhale ya agogowo, osati yathu. Wosamalira akaona dzanja likunjenjemera, mtima umamuuza kuti alande burashi amalize yekha. Pamapeto pake pakhoma pamapachikidwa maluwa khumi ofanana ndendende, pamene eni ake anangokhala n'kumaonerera. Gawo lathu ndi kukonzeratu zipangizo ndi malo kuti dzanja lofookalo likwanitse lokha. Ndipo chopangidwacho chikhale cha munthu wamkulu, chokhala ndi kopita: khadi lotumiza kwa mdzukulu, duwa lokongoletsa chipinda, mbewu yoti ikule. Zachibwana agogo amazizindikira msanga, ndipo ambiri okana kubwera amakana chifukwa chimenechi.

Ntchito imene tikuiika patsogolo ndi kudzala mbewu m'timiphika. Imagwirizana ndi nyengoyi, ndipo siithera tsiku limodzi: munthu amadzuka ali ndi choti akaone pawindo. Pamafunika kamphika ka masentimita 9 kobooka pansi, kambale koika pansi pake, dothi lodzalira maluwa, supuni yaikulu ndi thireyi yogwirirapo. Mbewu zikhale zazikulu zogwirika ndi zala zouma, monga mpendadzuwa kapena maluwa a nasturtium. Dothi lidzazidwe mpaka kutsala sentimita imodzi kukamwa, abowole ndi chala kuya masentimita 2, aikemo mbewu ziwiri, akwirire. Pamalo ofunda mpendadzuwa umamera pakati pa masiku 7 ndi 10. Zikamera zonse ziwiri, yofookayo idulidwe ndi sizasi, chifukwa kuizula kumagwedeza mizu ya inzakeyo.

Chimene chimapha mbewuzi kawirikawiri ndi madzi. Agogo athirira, namwino wa m'mawa athirira, wausiku naye athirira, ndiye mizu imasowa mpweya n'kuola. Pakamphika palembedwe dzina la mwini wake ndi wothirira mmodzi, ndipo azithirira pokhapokha chala chikapeza dothi la pamwamba louma. Mbande ikatalika n'kuonda ngati ulusi, ndiye kuti kuwala kukuchepa. Ndi nzerunso kudzala timiphika tina tapadera kuseri, kuti amene zake sizinamere asatsale chimanjamanja.

Anamwino anachenjeza za dothi logula m'matumba. Limatha kukhala ndi bakiteriya wotchedwa Legionella longbeachae, amene amayambitsa chibayo munthu akapuma fumbi lake, ndipo okalamba ndi odwala m'chifuwa ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Thumba litsegulidwe panja ndi wogwira ntchito, dothi linyowetsedwe pang'ono lisanafike patebulo, aliyense avale magolovesi ndi kusamba m'manja pomaliza. Mbewu zopakidwa mankhwala, zija zooneka zofiira kapena zobiriwira, zisalowe m'chipinda. Za maluwa omera ku mizu yonga anyezi tinamvanso zofunika: muzu wa daffodil ndi wapoizoni ndipo umafanana kwambiri ndi anyezi, pamene wa hyacinth ndi wa tulip umayabwa pakhungu. Maluwa a foxglove ndi lily of the valley, amenenso ndi apoizoni, asaikidwe ngakhale m'botolo patebulo.

Maluwa a pepala lopyapyala ndi osavuta. Musanjike mapepala 6 kapena 8 a masentimita 25 ndi 30, muwapinde uku ndi uku m'mizere ya masentimita awiri ndi theka, mumange pakati, mudule nsonga zonse ziwiri mozungulira, kenako agogo azifunyulula pepala limodzilimodzi kulowera pakati. Kufunyululako ndiko kokoma, choncho kwa amene zala zawo sizipinda, ife tipinde iwo afunyulule. Mapepala akachuluka duwa silitseguka, ndipo manja akanyowa pepalalo limasuluka n'kung'ambika. Mukamangira kawaya, nsonga zake mupinde zisabaye. Ulusi wa ubweya ndi wabwinoko.

Kuumitsa maluwa enieni m'buku kumafuna kudekha. Atoledwe mame atauma, akhale afulati ngati pansy, aikidwe pakati pa mapepala omwa madzi, pamwamba mabuku olemera. Mapepalawo asinthidwe pakapita masiku atatu, ndipo maluwa amauma pa masabata awiri kapena atatu. Maluwa onenepa amachita nkhungu asanaume. Akauma amamatidwa pakhadi ndi guluu woyera wa PVA, wochepa kwambiri, wopaka ndi kaburashi.

Gawo limene linatipindulira kwambiri linali la manja ndi maso. Wodwala nyamakazi amavutika kufinya chinthu chowonda, choncho chogwirira cha burashi kapena pensulo chikulungidwe ndi siponji kapena nsalu mpaka chinenepe. Pali sizasi yokhala ndi sipuling'i imene imatseguka yokha, munthu amangofinya. Amene anadwala sitiroko n'kutsala ndi dzanja limodzi, pepala lake limatidwe patebulo ndi tepi, ndipo pansi pa mbale paikidwe kamphasa ka labala kuti isaterereke. Ena a sitiroko saona za mbali imodzi, kawirikawiri kumanzere, ndiye zipangizo ziikidwe kumbali imene akuona. Tebulo likhale lalitali moti njinga ya olumala ilowe pansi, apo ayi munthu amagwira ntchito atatambasula manja ndipo amatopa pa mphindi zochepa.

Diso la munthu wa zaka 60 limafuna kuwala pafupifupi katatu kuposa la wa zaka 20, ndipo likamakalamba limavutika kusiyanitsa buluu, wobiriwira ndi pepo. Mitundu yofewa ija timaikonda pa nyengo ino ndiyo imawasokoneza. Tisankhe yofiira, yachikasu ndi ya olenji, pepala loyera liikidwe pa nsalu yakuda, ndipo tebulo lisakhale lonyezimira.

Kwa odwala matenda oiwalaiwala, patebulo pazikhala chokhacho chimene chikugwiritsidwa ntchito nthawi imeneyo. Tiuze chinthu chimodzi, tionetse ndi manja athu, tidikire. Chitsanzo chomalizidwa chikhale patsogolo pawo. Chilichonse chooneka ngati chodyedwa chimatha kulowa m'kamwa: mikanda, mabatani, penti wa m'kapu yomwera, ngakhalenso phala loumbira la ufa ndi mchere, limene mchere wake ndi wochuluka moti ukhoza kudwalitsa munthu kwambiri. Mbewu nazonso ziperekedwe ziwiriziwiri m'dzanja, paketi ikhale ndi wosamalira. Madzi otsukira burashi asaikidwe m'kapu. Sizasi ziwerengedwe poyamba ndi pomaliza.

Nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa litakwera, mankhwala atamwedwa kale. Chakumadzulo odwala matenda oiwalaiwala ambiri amasokonezeka ndi kusowa mtendere. Mphindi 30 mpaka 45 n'zokwanira, gulu la anthu anayi mpaka asanu ndi mmodzi, othandiza awiri. Wofuna kuchoka pakati achoke, ndipo wongofuna kukhala pambali n'kumasankha mitundu, nayenso watenga nawo mbali.

Panali kusiyana maganizo pa guluu wotentha wa mfuti, kachipangizo kamagetsi kooneka ngati mfuti kamene kamasungunula guluu. Ena anati amagwira msanga ndipo wosamalira akhoza kumugwiritsa ntchito yekha pambali. Ife tili kumbali ya okana. Ngakhale mfuti yosatentha kwambiri imafika madigiri pafupifupi 120, ndipo khungu la wokalamba ndi lopyapyala, bala lake limachedwa kupola, makamaka kwa wodwala shuga. Guluu wa PVA ndi tepi yomata mbali zonse zimagwira ntchito yomweyo. Tikumbukirenso kuti amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana, monga warfarin, amataya magazi nthawi yaitali ngakhale atangochekedwa ndi pepala.

Tikupempha komiti zinthu zitatu. Namwino atilembere, agogo aliyense payekha, za manja, maso, kumeza ndi zimene thupi lawo limadana nazo, tisanayambe. Tigule sizasi za sipuling'i zinayi, timphasa ta labala, magolovesi, timiphika 20 ndi dothi thumba limodzi. Pomaliza, pasankhidwe munthu mmodzi woyang'anira kuthirira, kuphatikizapo Loweruka ndi Lamlungu. Mukavomereza pa msonkhano ukubwerawu, tidzayamba ndi kudzala mpendadzuwa sabata yotsatira, ndi kutola maluwa oumitsa tsiku lomwelo kuti makhadi adzapangidwe mbande zitamera kale.

Ife nthumwi zanu ziwiri.