Lipoti la msonkhano wa za estágio ku Tete

Anzathu a m'gulu la ophunzira za makompyuta ochokera ku Angónia ndi Tsangano, munatituma anthu awiri ku msonkhano umene aphunzitsi a m'mayunivesite anakumana ndi oimira makampani mumzinda wa Tete. Tabwerako bwino, ndipo nazi zimene tatenga.

Malo ochitira estágio, kutanthauza kuphunzira ntchito pakampani, alipo: migodi ya malasha ku Moatize, HCB (kampani ya damu la magetsi la Cahora Bassa) ku Songo, EDM (kampani ya magetsi ya boma), mabanki, ndi makampani a mafoni monga Vodacom, Movitel ndi Tmcel. Koma amene akulota kuti akafika n'kuyamba kulemba mapulogalamu atsitse mtima pansi. Malikulu a mabanki ndi makampani a mafoni ali ku Maputo, ndipo ntchito yotere yambiri imathera komweko. Kuno wophunzira amayambira pa zingwe, maprinta, ndi kuthandiza wantchito amene wayiwala password.

Pa zingwezo ndi pamene oimira makampani anadandaula kwambiri, ndipo ife tikuti sananame. Wophunzira amafotokoza bwino za IP (manambala ozindikiritsa makompyuta pa network) pabolodi, koma ukamupatsa pulayala ndi kamutu ka RJ45 koika kumapeto kwa chingwe cha network, manja amanjenjemera. Mkati mwa chingwe cha network cha mtundu wa Cat6 muli timawaya 8, ndipo pa dongosolo lotchedwa T568B timayalidwa m'kamutuko chonchi: koyera ka olenji, olenji, koyera kobiriwira, buluu, koyera ka buluu, kobiriwira, koyera ka bulauni, bulauni. Kamodzi kakasemphana, kapena kakapanda kufika kumapeto kwa kamutu, network imakana kapena imayenda mochedwa. Chingwe chisapitirire mamita 100. Mtunda ukaposa apo pamafunika switch (kabokosi kolumikizira zingwe za network) pakati kapena fibre (chingwe chotumiza uthenga ndi kuwala). Musanakhome chingwe pakhoma, chiyeseni ndi tester, kachipangizo koonera ngati timawaya tonse talumikizika bwino.

Mdani wina ndi nyengo ya Tete yeniyeniyo. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo kufupi ndi migodi fumbi la malasha limalowa paliponse. Likadzaza mu fani, kompyuta imatentha n'kumazima yokha, wosadziwa n'kumati ndi virus. Itsegulireni, pemererani ndi blower, koma gwirani fani ndi chala kuti isazungulire mopenga. Mabatire a UPS (kabokosi kopatsa kompyuta moto magetsi akazima) nawonso amapangidwira kutentha kwa madigiri pafupifupi 25. Chipinda chikatentha ndi madigiri 10 pamwamba pake, moyo wa batire umatsika ndi theka. Choncho air conditioner ya m'chipinda cha server (kompyuta yaikulu yotumikira makompyuta ena) ikafa, kanenenitu tsiku lomwelo.

Chenjezo lina ku msonkhanoko analibwereza kangapo: flash ya kunyumba isalowe mu kompyuta imene imayendetsa makina. Komanso zimene mwaona m'mafayilo a kampani si zojambula n'kutumiza pa WhatsApp. Zimenezi zimathetsa estágio pompo, n'kutsekera khomo anzathu obwera m'mbuyo.

Za mapepala n'zachidule: credencial (kalata yokutsimikizirani) ya kusukulu, kalata yopempha malo m'Chipwitikizi, CV, ndi makope a BI (chitupa) ndi NUIT (nambala ya msonkho). Kumgodi amawonjezera kuyezedwa thupi ndi maphunziro a chitetezo, ndipo popanda chipewa cholimba, majombo ndi kavesiti kowala, pageti simudutsa. Perekani mapepala miyezi ingapo nthawi isanakwane.

Ife tinafunsa za ophunzira amene amatha miyezi akungopanga fotokope. Yankho linali loti vuto limayamba sabata yoyamba, pamene palibe amene walemba zoti mwanayo adzachite. Pemphani kuti akuuzeni dzina la wokuyang'anirani, mulembe naye ndondomeko ya ntchito, aphunzitsi anu alandire kope. Sungani kabuku: tsiku, vuto, chimene munayesa, chimene chinatheka. Relatório (lipoti) ya kumapeto imachokera m'kabukuka, osati m'mutu.

Pa ndalama sitinakhutire. Anangoti zimadalira kampani, ena amapereka kangachepe, ena ayi. Kwa ife a ku Ulónguè ndi Dómuè imeneyi ndi nkhani yaikulu, chifukwa sitingayendere kuchokera kwathu: pafunika lendi, chakudya ndi ya chapa. Ku Songo n'kutali makilomita pafupifupi 150 kuchokera mumzinda wa Tete, ndiye funsani za pogona musanavomere.

Tikupempha kuti m'thumba la gulu mutuluke ndalama yogulira pulayala imodzi, tester ndi paketi ya timitu ta RJ45. Tikadzakumananso, aliyense adzapange chingwe chake mpaka magetsi onse 8 a tester ayake motsatana.